Mkate wa Misa ndi Ng'oma ya Bambo

Lachisanu, pa 9 Ogasiti, tsiku limene tinatsekera sukulu, ndinali kuseri kwa nyumba yathu ku komboni ya antchito a pa famu ndikuchapa yunifomu. Tsikulo ndimalikumbukira chifukwa ndinalilemba m'dayale mwanga, momwe ndimaika zambiri zimene pakamwa panga pamalephera kunena. Amayi anafika kuchokera ku shedi yosankhira fodya, duku lili mbuu ndi fumbi, n'kundiuza kuti Anti Rozina akufuna mtsikana wowathandiza pa tchuthi.

"Akuti akufuna wosalongolola," anatero amayi. "Ndawauza kuti ndili naye wosayankhula n'komwe."

Sindinakane. Bambo anali atasiya ntchito ku mabani oumitsira fodya kuyambira nthawi ya mvula chifukwa cha chifuwa, ndipo pakhomo pathu wamkulu mwa ana ndinali ine. Ndinali Fomu 3.

Anti Rozina amakhala kumalire a famu yathu, pafupi ndi msewu wopita ku Mvurwi, m'nyumba imene kale inali sitolo. Ali mtsikana analowa kwa masisitere, koma anatulukako asanalumbire, ndipo chifukwa chake palibe amene amachidziwa. Anthu a pa komboni amawatcha Sisita Hafu, ngakhale palibe amene amayerekeza kutero pamaso pawo. Chimene anatuluka nacho kumeneko ndi luso lophika timikate ta Misa, tija toyera, tozungulira, topyapyala. Mishoni ya ku Mvurwi ndi matchalitchi a m'mafamu ozungulira amagula kwa iwo.

Tsiku loyamba anandisambitsa m'manja mpaka m'zigongono, anayang'ana zikhadabo zanga, n'kundiletsa kudzola mafuta masiku a ntchito. Kenako anandiimika patsogolo pa thumba la ufa.

"Ufa wa tirigu ndi madzi. Basi. Ukadzathiramo mchere, shuga, mafuta kapena isiti, si mkate wa Misa umenewo, ndi chitumbuwa."

Ntchito imayamba ndi sefa. Ufa umasefedwa kawiri m'beseni limene silikhudza china chilichonse. Kenako umathira madzi ozizira pang'onopang'ono ukutakasa ndi mthiko, mpaka phala lake likhale lamadzimadzi ngati la khanda, lopanda mibulu. Chophikira ndi chitsulo chamagetsi cha mbale ziwiri zolemera, zolumikizana kumbuyo ngati chitseko, ndipo mbale yapamwamba ili ndi timitanda tozokota. Chikatentha umachipukuta ndi kansalu kopaka phula la njuchi kuti phala lisamatirire, n'kuthira kapu imodzi pakati, n'kutseka msanga. Chimalira ngati njoka, nthunzi ikutuluka m'mbali. Phala lotayikira m'mphepete umalipala ndi mpeni. Kulira kuja kukaleka ndiye kuti zapsa. Ukatsegula umapeza chinthu chopyapyala ngati pepala, ndipo ifenso tinkangochitcha pepala.

Pepala silidulidwa tsiku limene laphikidwa, chifukwa limasweka ngati galasi. Tinkalisanja m'kabati momwe munali mbale ya madzi ndi matawulo onyowa, kuti ligone mmenemo lifewe. M'mawa mwake tinkadula ndi chodulira, kachitsulo kozungulira kokhala ndi chogwirira chamtengo. Chachikulu chinali cha mkate umene a Fata amakweza pa guwa, chaching'ono cha anthu. Umaika mtanda pakatikati n'kusindikiza kamodzi kokha. Ukachita mantha n'kusindikiza kawiri, m'mphepete mumanyenyeka, ndipo Anti Rozina ankadana ndi nyenyeswa kuposa mbewa.

"Lero ndi nyenyeswa," ankatero. "Lamlungu ndi Thupi la Ambuye lili pansi, anthu akuponda."

Tabwino tinkatiika m'mapaketi a pulasitiki n'kumata pakamwa pake ndi lawi la kandulo. Tosweka, topserera ndi zotsala za m'mbali zinkapita m'chitini. Zimenezo ndinkaloledwa kupita nazo kunyumba, ndipo ana a pa mzere wathu ankazidya ngati maputi. Poyamba ndinkaopa ngakhale kuzilawa.

"Idya iwe," anatero Anti. "Wansembe asananene mawu, ndi ufa. Nkhuku zanga zimadya, ndipo palibe imene yasanduka woyera."

Wailesi sankaikonda. M'malo mwake ankandisimbira mikangano ya mpingo imene anaphunzira kwa masisitere, akuyankhula ngati ndi ndewu za anthu a pa komboni. Akhristu a kum'mawa, ankatero, amaphika mkate wawo ndi chotupitsa, ati poti Khristu anauka, mkate wake ukhale wamoyo. A kumadzulo anati ayi, pa mgonero uja Ambuye ananyema wopanda chotupitsa. Ananyozana, anatembererana, ndipo patha zaka pafupifupi chikwi asakudyera pa tebulo limodzi.

"Chifukwa cha isiti, Anti?"

"Isiti inali chonamizira. Ankalimbirana mpando."

Tsiku lina anandiuza za amene anabwera pambuyo pake. Ena anati mkate umakhalabe mkate, ndi chikumbutso chabe. Ena anati Ambuye alimo ndithu koma mkatewo sunachoke. Mpingo wathu unati ukadalitsidwa chatsala ndi maonekedwe okha. Anthu anathamangitsidwa m'mayiko mwawo, ena anawotchedwa, pa nkhani imeneyi. Ine ndinkamvetsera ndikudula, ndikuyang'ana kanthu kopepuka kamene mphepo ya pawindo inkatha kukaulutsa patebulo.

Nkhanizi zinkandisowetsa mtendere chifukwa kunyumba kwathu kunali mkangano wa mtundu womwewo, wokhawo kuti wathu unali wachete.

Bambo anga anali woimba ng'oma. Ankaimba mbalule, ng'oma imene imayankhulana ndi mapazi a gule akatuluka pa maliro kapena pa chiliza. Ng'omayo anasiyiridwa ndi agogo, amene anabwera nayo kuchokera ku Dedza pamene ankadzafuna ntchito m'mafamu kuno. Bambo analinso Mkhristu wobatizidwa, ndipo ali mnyamata ankatumikira pa guwa. Ine ndisanabadwe, dzina lawo linatchulidwa m'tchalitchi kuti asalandirenso mpaka atasiya za gule. Ng'oma sanaisiye. Tchalitchinso sanachisiye. Lamlungu lililonse ankakhala pa benchi lakumapeto, ndipo anthu akayamba kufola kukalandira, iwo ankatuluka n'kukaima pansi pa bulugamu mpaka nyimbo ithe. Ndili wamng'ono ndinkayesa abambo onse amatero.

Sabata yachiwiri ya ntchito yanga, a kuchipatala anawabweza ndi mapiritsi ochepetsa ululu okha. Amayi anamvetsa tanthauzo lake. Anapita kwa a Mwale, akatekisiti athu, kukapempha kuti aitane a Fata, chifukwa a Fata amakhala ku Mvurwi ndipo kwa odwala a ku famu kwathu amabwera akaitanidwa ndi akatekisiti. A Mwale si munthu woipa. Anabwera ndi nthochi, anakhala pamphasa, anapemphera nafe bwinobwino. Koma potuluka anayang'ana ng'oma ili pakona, yofunditsidwa chiguduli.

"Achimwene, iyi ikatuluka m'nyumba muno, ine ndiimba foni lero lomwe. Sindingaitanire a Fata kunyumba ya mitima iwiri."

Bambo anatembenukira kukhoma. A Mwale anadikira pang'ono, kenako anavala chipewa.

Tsiku lovuta linali Lachinayi la sabata yotsatira. Ku mishoni kunali kubwera a bishopu Lamlungu kudzalimbitsa ana, ndipo anaitanitsa timikate tochuluka kuposa nthawi zonse. Katoni yake inayenera kukwera kombi, minibasi yopita ku Mvurwi, Lachisanu m'mawa.

M'mawa wa Lachinayi ndinalowa kuchipinda kukatsanzika. Pa mpando wa pambali pa bedi panali sosala, ndipo pa sosalapo panali kamkate kamodzi kathunthu, kopserera pang'ono m'mphepete, mtanda wake ukuoneka. Kanali kochokera m'zotsala zimene ndinabweretsera ana dzulo lake. Bambo anali atakhala tsonga, atavala shati yawo ya Lamlungu, mabatani osalingana. Pansi panali beseni limene anasambiramo m'manja.

Ndinaloza pa sosala paja.

"Bambo, kameneko n'kosadalitsa. Ndi ufa ndi madzi."

"Ndikudziwa, Malita. Ndinkagwira mbale pa guwa iwe usanalotedwe n'komwe." Anapuma, chifuwa chikulira. "Sindikudya. Ndikungokayang'ana. Wadula ndiwe?"

"Ndine."

"Mtanda wapendekeka."

Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kutsokomola, mpaka amayi analowa kudzawagwira pamsana. Atapezako mpweya anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Kodi Sisita Hafu wakoyo sangaponyepo timawu tiwiri? Iye hafu, ine hafu. Zikwana."

"Musamasewere ndi zimenezo, a Phiri," anatero amayi. Koma bambo sanasekenso, ndipo maso awo anabwerera pa sosala paja.

Ndinayenda njira yonse ndikuthamanga ndi kuima, kuthamanga ndi kuima. Mphepo ya Ogasiti inali itayamba kale, ikunyamula fumbi m'minda yolimidwa n'kuliponya m'maso. Nditafika ndinapeza magetsi atathima kuyambira m'bandakucha, ndipo Anti Rozina ali panja akukoleza mbaula.

Magetsi akathima timagwiritsa ntchito chitsulo chakale, cha zogwirira zazitali ngati mbaniro, chimene umachiika pa makala n'kumachitembenuza. Chilibe nyali yokuuza kuti chatentha. Umadontheza madzi pamwamba pake: akangouma, sichinafike, akavina n'kudumpha, thira phala. Ine tsiku limenelo sindinkatha kudikira. Pepala loyamba linamatirira, ndinachita kulipala. Lachiwiri ndinaliiwala pamoto mpaka linayamba kununkha. Lachitatu linatuluka mbali imodzi loyera, mbali ina ngati khofi. Anti anangondilanda chitsulo n'kundituma kukadula mapepala a dzulo.

Kumenekonso zinthu zinali zitaipa. Mphepo inali itaumitsa matawulo m'kabati, ndipo mapepala anali gwa. Ndikasindikiza chodulira, mng'alu unkathamanga kuchokera pa mtanda umodzi kukafika pa wina. Ndinayesa pang'onopang'ono, anasweka. Ndinayesa mwamphamvu, anasweka. Chitini cha zotsala chinkadzaza, mapaketi ali pululu. Ndinkangodzuka kukasuzumira pawindo kumbali ya komboni, kuopa kuona munthu akuthamangira kuno, n'kubwerera, n'kudzukanso.

Chakumasana Anti anandiitana kuti ndiwagwirire chitsulo pamene akuwonjezera makala. Ndinachigwira pafupi kwambiri ndi mbale zake, ndipo chinandipsereza padzanja. Sindinakuwe. Ndinangochisiya chigwe, pepala lonse n'kugwera m'phulusa.

Anti anandikokera ku ndowa n'kumiza dzanja langa m'madzi, akuligwira kuti ndisalitulutse.

"Malita, ndinalemba ntchito manja ndi mutu womwe. Lero wabwera ndi manja okha. Mutu wausiya kuti?"

Ndinawauza ndikuyang'ana m'ndowa. Za a Mwale, za ng'oma, za sosala, za shati ya Lamlungu. Kenako ndinafunsa chimene ndinali nditachinyamula kuchokera m'mawa.

"Anti, inu munali pafupi kukhala sisitere. Mawu aja mumawadziwa. Simungadalitse kamodzi kokha? Sindiuza munthu."

Anasiya dzanja langa. Ndinaganiza kuti andithamangitsa.

"Mawu ndimawadziwa, iwenso umawadziwa, umawamva Lamlungu lililonse. Ngakhale ndikanalumbira sindikanatha. Ine ndine wophika. Ndikachita zimenezo ndiye kuti ndanamiza munthu amene ali pafupi kufa, ndipo bambo ako si chitsiru, adziwa asanameze."

Anatola chitsulo m'phulusa, anachipukuta, anachibwezera pamoto. Anayankhula nkhope ili ku makala.

"Kalekale, mafumu a ku Roma akuzunza Akhristu, ankawakakamiza kuponya lubani pamoto patsogolo pa fano. Ena anakana, anaphedwa. Ambiri anaponya. Mazunzo atatha anabwerera kudzagogoda pa tchalitchi akulira. Ena mwa amene anapirira anati asalowe, ngakhale pa imfa pawo. Mpingo unang'ambika pakati. Pambuyo pake mabishopu atasonkhana anagamula kuti kulapa kukhoza kutenga zaka, koma munthu akafika pakhomo pa imfa asamanidwe kamba wa paulendo. Anati ndi lamulo lakale. Tamva, nthawi imeneyo linali lakale kale."

"Ndiye a Mwale akulakwa?"

"Sindinatero. A Mwale akulondera geti limene anapatsidwa. Ndipo usasokoneze, bambo ako sanaimbe ng'oma chifukwa cha mantha ngati aja a lubani. Amaikonda. Imeneyo ndi nkhani ina. Ansembe ena masiku ano amati gule ndi mwambo wa makolo, ena amati ndi mdima, koma onsewo anawerenga mabuku amodzimodzi. A Fata angavomere, angakane. Sindikukulonjeza kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti woyenera kumva ndi kuyankha ndi iwo, awiriwiri ndi bambo ako, chitseko chili chotseka."

"Mukawauze ndinu, Anti."

"Geti la ku mishoni ndinatuluka ndi sutikesi pamutu. Sindilowanso. N'chifukwa chake katoni ndimapatsira hwindi, kondakitala wa kombi."

Anathira phala, anatseka, chitsulo chinalira. Anadikira mpaka chitaleka.

"Koma hwindi uja amaikhalira. Mwezi watha ku mishoni anadandaula kuti tambiri tinafika toswekasweka. Bwenzi nditapeza munthu woinyamula pamiyendo."

Sanandiyang'ane. Anandimanga padzanja ndi kansalu koyera. Kenako anaika ketulo pa mbaula, ndipo itawira anandionetsa kudutsitsa pepala louma pa nthunzi, mbali iyi kamodzi, mbali iyo kamodzi, n'kuliika pakati pa matawulo awiri kwa kanthawi. Likachuluka nthunzi limakwinyika, ikachepa limaswekabe. Awiri oyamba ndinawononga. Lachitatu linalandira chodulira mwakachetechete, kamkate n'kutuluka kosalala m'mphepete.

"Phala silidziwa kuti uli ndi chisoni," anatero. "Dula."

Tinadula mpaka dzuwa litapendeka, iwo chachikulu, ine chaching'ono. Sitinadye. Pomata paketi yomaliza dzanja linkandiwawa mpaka m'phewa, koma katoni inadzaza. Anti anaimanga ndi chingwe n'kuisiya pafupi ndi chitseko osanenanso za amene adzainyamule.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akuanula zovala mphepo isanazigwetse. Nditawauza kuti ndikufuna kunyamula katoniyo ndekha kuti ndikaonane ndi a Fata, anakhala pa chitini cha madzi, zovala zili pamiyendo.

"Iwe? Amene umalephera kupempha mchere kwa a neba? Ndipo a Mwale adzatiyang'ana bwanji, titawadumpha? Pano amatsogolera maliro ndi iwo, Malita. Tidzawafuna posachedwa."

Aka kanali koyamba kuti amayi anene poyera kuti bambo satenga nthawi. Tonse tinayang'ana pansi.

Ndinalowa kuchipinda. Bambo anali atagona chammbali, shati ija akadali nayo, sosala ili pomwe inali. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kuwafunsa ngati akufuna kuti ndipite, chifukwa sindinkafuna kukawapemphera chinthu chimene iwo sanandituma.

Anayang'ana kansalu kamene Anti anandimanga padzanja.

"Dzanjalo watani?"

"Chitsulo."

"Ntchito yakulemba chizindikiro. Tsopano ndiwe wantchito." Anatseka maso. "Ukapita, ukanene zoona. Usakanene kuti ndasiya. Akabwera, ng'oma aipeze pomwepo, amako asaibise kwa a neba."

"Akakana, bambo?"

"Akakana adzakhala akana iwo. Zaka zonsezi palibe wansembe amene wandikana pamaso. Ndimangomva mauthenga."

Amayi anali ataima pakhomo. Sanavomereze, sanakanizenso. Anangotsegula sutikesi n'kutulutsa siketi yanga ya kutchalitchi kuti makwinya awongoke.

Ntchito ya kwa Anti Rozina ndinaigwira mpaka sukulu itatsegulidwa, ndipo ndimabwererako tchuthi chilichonse. Chimene ndinasunga pa tsiku lija n'chakuti ntchito iliyonse ili ndi pothera pake. Yanga inkathera pa ufa ndi madzi, ndipo kupitirira pamenepo ndi mtima wabwino kukanakhala kunama. Koma kudziwa pamene ntchito yako yathera sikukupatsa ufulu wokhala pansi. Ngati pali amene ntchito yake imayambira pomwepo, uyenera kukamupeza.

Madzulo a Lachinayi lija sindinkatha kukhazikika. Ndinatunga madzi amene tinali nawo kale, ndinasesa pabwalo mphepo ikubwezera zinyalala. A Fata athu ndi Mshona, ndipo ndinali ndisanayankhulepo nawo kupatula kunena Ameni. Ndinapita kuseri kwa bafa kukayeserera mawu m'Chishona, ndikuyamba ndi moni waulemu, koma nthawi iliyonse ndikafika pa nkhani ya ng'oma mawu ankandithawa. Ndinaganiza zongolemba kakalata n'kukaika m'katoni. Kenako ndinaona kuti kalata ikhoza kutsegulidwa Lolemba, a bishopu atapita.

Kusanade ndinatenga dayale n'kulemba ndi dzanja lomangidwa lija, zilembo zikupendekeka. Mawa ndikwera kombi yoyamba, katoni pamiyendo panga. Sindiipereka kwa hwindi, sindiipereka kwa mlonda kapena kwa wophika wa ku mishoni, ngakhale andiuze kuti a Fata atanganidwa. Ndiima pakhomo mpaka atuluke okha, ndipo ndisanawapatse katoniyo ndiwauza dzina la bambo anga.